Aphunzitsi a fizikisi a ku Kanjedza amene anabwereka sikelo yanga

Amayi anzanga atatu a mumsika wa Limbe akhala akundifunsa za kumene mtsikana wanga amapita Loweruka lililonse m'mawa. Aliyense ndamuyankha modukizadukiza, chifukwa pabenchi sipofotokozera nkhani yaitali, ukangoyamba kasitomala wafika. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti amene akuganiza zotumizako mwana adziwe chimene akukalipira. Dzina la aphunzitsiwo sindilitchula poti sindinawapemphe. Ndi bambo achikulire, anapuma pantchito ataphunzitsa zaka zambiri m'sekondale za boma, ndipo pano amaphunzitsa fizikisi yokhayokha m'galaja ya nyumba yawo ku Kanjedza.

Ine ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi mtedza, ndipo timakhala ku Bangwe. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, nthawi imene fizikisi ndi kemisitiri zinali mtolo umodzi wotchedwa Physical Science. Mwana wanga wachisamba ali Fomu 3 ndipo mtima wake uli pa zauinjiniya. Tikamadutsa pa Chichiri amaloza MUBAS, ija tinkaitcha Poly, n'kunena kuti amayi, ine ndidzalowa pamenepa. Tsono teremu yoyamba anabwera ndi pepala la fizikisi lolembedwa 38. Sindinakalipe. Ndinamuuza kuti akhale pamkeka andiwerengere mafunso amene analakwa, ndipo loyambirira lenileni linali lofuna tanthauzo la force. Iye analemba zimene analoweza bwinobwino, koma zinali za energy.

Ndinati, tandiuza m'Chichewa, force n'chiyani? Anati mphamvu. Nanga energy? Mphamvu. Nanga power ili pafunso lachisanuyi? Anakhala chete kanthawi, kenako anati nayonso ndi mphamvu. Apa m'pamene ndinaona kuti mwanayu saali waulesi ayi. M'kalasi amamva Chingerezi, mumtima amatembenuzira m'Chichewa, ndipo zinthu zitatu zosiyana zimakathera mumphika umodzi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ndiye anandilozera ku Kanjedza.

Tsiku loyamba, mu Januwale, ndinamuperekeza kuti ndikaone malo ndi munthu amene ndikumusiyira mwana. Aphunzitsi anati, mayi, ngati simukufulumira khalani pampando uwo mumve zimene mukugula. Ndinkafuna kungokhala mphindi zochepa, koma ndinachoka 11 koloko pamodzi ndi anawo, benchi ndili nditasiyira mng'ono wanga.

Sindinawauze kanthu za pamkeka paja, koma chinthu choyamba chimene analemba pabolodi chinali MPHAMVU, ndi zilembo zikuluzikulu. Anati Chichewa chathu sichosauka, kungoti mawu amodziwa tinawasenzetsa katundu wa anthu atatu. Energy ndi chinthu chimene chimasungika ndipo umatha kuchigula: chili mu nsima, mu makala, mu petulo, mu mayunitsi a magetsi aja timalowetsa mumita. Power ndi liwiro limene energy ikudyedwera, ndiwo ma watt olembedwa pa babu ndi pa hotipuleti, n'chifukwa chake hotipuleti imamaliza mayunitsi msanga kuposa babu. Koma force sungaisunge m'thumba, sungakhale nayo uli wekha. Ndi kukankha kapena kukoka basi, ndipo pamafunika zinthu ziwiri, chokankha ndi chokankhidwa. Ili ndi kukula kwake, ilinso ndi kumene yaloza. Imadziwika ndi zimene imachita: kuyendetsa chimene chinaima, kuimitsa chimene chikuyenda, kuwonjezera kapena kuchepetsa liwiro, kukhotetsa, ngakhale kupinda ndi kufinya.

Kuchokera pamenepo anaika lamulo limodzi limene ndalimva Loweruka lililonse lomwe ndakhalapo. Mwana akangotchula force, iwo amafunsa, ndani akukankha ndani? Ukalephera kutchula awiriwo ndiye kuti force yakoyo kulibe, wangoipeka. Funso limeneli ndi limene ndikuona kuti ndalama zanga zinagula.

Taonani mmene analigwiritsira ntchito. Anafunsa anawo kuti minibasi ikamatsetsereka, dalaivala n'kumanga mabuleki mwadzidzidzi chifukwa munthu wabaya pasiteji, bwanji nonse mumagwera kutsogolo? Wakukankhani ndani? Mnyamata wina anati mabuleki. Aphunzitsi anati, iwe, mabuleki ali kumateyala, msana wako aukhudza liti? Wina anati injini. Wina anati mphepo. Anawasiya akangane mpaka atatopa, kenako anati palibe amene wakukankhani. Thupi lanu linali likuyenda pamodzi ndi minibasi. Mateyala agwirana ndi msewu, minibasi yaima, koma inu palibe chimene chakugwirani, ndiye mukupitirira ulendo mpaka mpando wakutsogolo kapena msana wa mnzanu ukuimitseni. Lamba wa pampando ntchito yake ndi imeneyo, kukhala chinthu chokukokani m'mbuyo galasi lisanakhale chinthu chokuimitsani. Ine ndakwera minibasi za Bangwe ndi Limbe zaka zoposa 20, ndagunditsa mawondo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkaona ngati pali chimene chimandiponyera kutsogolo.

Anati limeneli ndi lamulo loyamba mwa malamulo atatu amene Isaac Newton wa ku England analemba m'buku lake la m'chaka cha 1687: chinthu chimene chaima chimakhalabe chiimire, chimene chikuyenda chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha china chake chichikankhe kapena kuchikoka. Mtsikana wina anatsutsa, ndipo ndinamuyamikira mumtima chifukwa anandilankhulira. Anati, aphunzitsi, wilibala ukasiya kukankha imaima, ndiye zoti imapitirira zachokera kuti? Sanamunyoze. Anati maganizo akowo ndi amene Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, ndipo anthu ophunzira anawakhulupirira zaka pafupifupi 2,000 mpaka Galileo wa ku Italy anayamba kuwagwedeza. Kenako funso lija, ndani akukankha wilibala ukaisiya? Nthaka ikukhulana ndi teyala, chitsulo chikukhulana ndi chinzake pa ekiselo. Kukhulana kumeneku, kumene m'buku amati friction, ndiko kumaimitsa wilibala. Thira girisi, iyenderako patali. Ikankhe pa simenti yosalala, ipitirirako. Kukanakhala kotheka kuchotseratu kukhulana konse sikanaima.

Pa Loweruka lachitatu anandiimitsa pakhomo. Anati, mayi, mwana wanu akuti muli ndi sikelo ya mbedza, kodi mungatibwereke sabata yamawa? Ngati mungapezenso ina kwa mnzanu zingakome. Ndinadabwa kuti sikelo ya nyemba ikukatani m'kalasi, komabe ndinatenga yanga, ija ya nkhope ngati wotchi yolekezera pa makilogalamu 50, n'kubwereka ina ngati yomweyo kwa mayi wa benchi yoyandikana nane.

Anayamba ndi kasikelo kawo kakang'ono ka kusukulu, kolembedwa ma newton, womwe ndi muyeso wa force. Anakolekapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, muvi unakaima pafupi kwenikweni ndi 10. Anati dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi ma newton 9.8, koma powerengera masamu a kusukulu nthawi zambiri amangoti 10. Ndiye kuti newton imodzi ndi kulemera kwa chinthu cha magalamu pafupifupi 100, ngati tomato mmodzi wapakatikati ali pachikhatho. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi ma newton 500. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi 200. Ndinaona nkhope za ana zikumasuka, chifukwa newton inasiya kukhala chilembo N cha kumapeto kwa ansala n'kukhala chinthu chimene mikono yawo ikuchidziwa kale.

Kenako ananyamula sikelo yanga m'mwamba n'kufunsa kuti imayeza chiyani. Onse anati makilogalamu. Ine ndemwe ndikanayankha choncho, zalembedwa pankhope pake. Iwo anati m'kati mwake muli sipuling'i, ndipo sipuling'i sadziwa kuchuluka kwa mpunga, amangodziwa kuti akukokedwa motani. Sikelo imeneyi imayeza force imene dziko likukokera mpungawo, opanga anangotembenuziratu manambala kuti akhale makilogalamu chifukwa tonse tikugulitsira padziko limodzi lomweli. Mutapita nayo kumwezi, kumene kukoka kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno, mpunga wa makilogalamu 5 ungaonetse osakwana kilogalamu imodzi, pamene njere ngakhale imodzi sinachokemo. Kuchuluka kwa mpungawo ndiye mass, ndipo sikusintha kulikonse. Kulemera kwake ndiye force, ndipo kumadalira chimene chikukoka. Sikelo ya miyala, ija yoika katundu mbali imodzi ndi zitsulo mbali inayo, ingaonetsebe 5 ngakhale kumwezi, poti mbali zonse ziwiri zapepuka mofanana.

Anatchulanso Robert Hooke, amene mu 1678 anafalitsa lamulo loti sipuling'i amatamuka molingana ndi kukoka: ukakoka kawiri amatamuka kawiri, koma pali malire ake. Ukapyola malirewo sabwereranso m'malo. Apa ndinakumbuka sikelo yanga yoyamba. Tsiku lina tinaikolekapo thumba la mtedza lolemera kuposa muyeso wake, ndipo kuyambira tsikulo muvi sunkabwereranso pa ziro. Ndinkangoti yakalamba. Ndinaitaya chifukwa sindifuna kuti munthu adzanene kuti ndamubera, komanso a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a malonda. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa chimene chinaiwononga. Amayi anzanga, nambala yomaliza ya pankhope ya sikelo isamapyoledwe, ngakhale kamodzi.

Chimene anafunira masikelo awiri chinabwera kumapeto. Anakola mbedza ya sikelo yanga ku mbedza ya inzake. Anaitana mnyamata wamkulu thupi kuposa onse kuti agwire mphete ya sikelo imodzi, ndi mtsikana wanga, yemwe ndi wochepa thupi, kuti agwire inayo. Asanakoke anafunsa kalasi kuti sikelo ya ndani ionetsa zambiri. Onse anati ya mnyamata. Anakoka, ana awiri akuwerenga mivi mokweza. Uyu anati 8, uyonso anati 8. Uyu 12, uyonso 12. Mnyamata analimbikira mpaka misempha ya m'khosi kuoneka, mivi yonse iwiri inakwera limodzi, kenako mwana wanga anayamba kukhwekhwereka pasimenti. M'galajamo munali phokoso ngati kumpira. Ena ankati masikelo ndi onama, ndipo ine ndinaimirira n'kunena kuti sikelo yanga sinama.

Aphunzitsi anati limenelo ndi lamulo lachitatu: ukakoka chinthu nachonso chimakukoka mofanana, molozera kwina. Koma sanalekere pomwepo, ndipo apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ndi woloweza. Anafunsa kuti ngati akukokana mofanana, bwanji mtsikana ndiye wakhwekhwereka? Yang'anani kumapazi. Mnyamata ndi wolemera ndipo wavala nsapato za mphira, simenti yamugwira zolimba. Mtsikana ndi wopepuka ndipo wavala masilipasi akutha. Mpikisano wokokana suthera m'manja, umathera pansi. Anatinso ma force awiri ofanana aja safafanizana chifukwa sakugwira munthu mmodzi, ina ili pa mnyamata, ina ili pa mtsikana. Mwana wanga akuti pamenepa ndi pamene ambiri kusukulu kwawo amagwera pa mayeso. Iye sangaiwalenso, ndi mapazi ake amene anakhwekhwereka.

Tsiku lina ndinakangana nawo, ndipo sindibisa. Ankaphunzitsa za ntchito, imene m'fizikisi ndi force kuchulukitsa ndi mtunda umene chinthu chasunthira kumene force ikuloza. Anati mayi amene waima pamzere wa pamjigo ndi ndowa yodzaza pamutu, ngakhale ataima ola lathunthu, pa ndowayo sanagwirepo ntchito. Zinandiwawa. Ndinati, aphunzitsi, inu munasenzapo ndowa? Anati anasenzapo ali mwana kumudzi, ndipo akudziwa mmene khosi limawawira. Anafotokoza kuti ndowa ikukanikiza mutu kuloza pansi, mutu ukukankha ndowa kuloza m'mwamba molingana ndi mmene dziko likuikokera, ndiye ndowa ili chete, sikukwera sikutsika. Minofu ikudyabe energy kuti ikhale yokungika, ndiko kutopako, koma energy imeneyo ikuthera m'thupi ngati kutentha, sikupita ku ndowa. Ndinamva, ndipo masamu ake ndi oona. Komabe ndinawauza kuti akamanena zimenezi pamaso pa ana a amayi osenza, aziyamba ndi kunena kuti mawu oti ntchito a m'buku ndi ena, a kunyumba ndi ena, monga anachitira ndi mphamvu paja. Anavomera kuti anayenera kuyambira pamenepo, ndipo sabata yotsatira anabwereza phunzirolo motero. Munthu wamkulu wovomera kukonzedwa ndi mayi wogulitsa nyemba pamaso pa ophunzira ake, ameneyo ndimamulemekeza.

Pa nkhata tinagwirizana msanga. Nkhata sichepetsa kulemera kwa chigubu, ma newton 200 aja amakhalabe 200. Imangowamwaza pamalo okulirapo kuti asamaboole paliwombo pokha. Mpeni wakuthwa umachita zotembenuza, umasonkhanitsa force yonse pa kamzere kopyapyala.

M'mwezi wa Malichi kunali phunziro limene ine sindinalipo, ndinangolimva kwa mwana wanga, ndipo anabwera ali zii. Ankaphunzira za chinthu chimene chili pamalo otsetsereka, mmene dziko limachikokera kumunsi ndi mmene kukhulana kumachigwirira. Mwana wina anafunsa za phiri la Soche ndi zimene zinachitika ku Chilobwe mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy. Akuti aphunzitsi anayamba afunsa ngati m'kalasimo muli amene anataya m'bale wake, ndipo atapezeka mmodzi anamufunsa ngati angalole kuti ayankhe. Atalola, anafotokoza mwachidule. Dziko linkakoka dothi ndi miyala ya paphiripo masiku onse, tsiku limenelo silinawonjezere kukoka kwake. Chimene chinkazigwira ndi kukhulana kwa dothi ndi thanthwe, kumamatirana kwa dothi lokhalokha, ndi mizu ya mitengo. Mvula ya masiku angapo osalekeza inalowa m'dothi, inalilemeretsa, inafooketsanso kugwirana kuja, mpaka chokoka chinaposa chogwira. Sanapange masamu pa nkhani imeneyi ndipo sanaibwerezenso. Ndikuganiza kuti anachita bwino pa zonse ziwiri, kuyankha ndi kusapitiriza. Ifenso ku Bangwe tili m'mphepete mwa phiri, ndipo usiku umenewo mwana wanga anafunsa bambo ake za ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo.

Pa masamu amathamanga. Kufotokoza amatha ola lathunthu pa chinthu chimodzi, koma akafika pa lamulo lachiwiri, lija amalemba F = ma, kutanthauza kuti force ndi mass kuchulukitsa ndi mmene liwiro likuwonjezekera, choko chimauluka. Amaganiza kuti mwana wa Fomu 3 aliyense amadziwa kutembenuza fomula, pamene ambiri ndi pomwe amakakamira. Ndinaona ndi maso anga ana atatu akungokopera, osafunsa chifukwa cha manyazi. Mwana wanga zinamutengera masiku awiri kunyumba kuti amvetse chitsanzo chimodzi cha kabaza: njinga, woyendetsa ndi katundu pamodzi makilogalamu 120, force yotsala mutachotsa kukhulana ndi mphepo ma newton 60, ndiye liwiro limawonjezeka ndi theka la mita pa sekondi, sekondi iliyonse. Pakatha masekondi 10 ali pa mamita 5 pa sekondi, omwe ndi makilomita 18 pa ola. Ganizo lake analimva m'kalasi momwemo, kuti katundu akachuluka kabaza amachedwa kunyamuka ngakhale apalase chimodzimodzi, koma kugawa 60 ndi 120 m'malo mogawa 120 ndi 60 kunafuna munthu wokhala naye pansi, ndipo anamuthandiza ndi msuweni wake wa Fomu 4. Ngati mwana wanu masamu amamuvuta, fizikisi ya ku Kanjedza payokha simukwanira.

Mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo sapereka okwanira. Pa miyezi inayi mwana wanga wabwera ndi awiri okha. Ndinawafunsa, anati Fomu 3 ndi nthawi yomvetsa, Fomu 4 ndiye yophunzira kuyankha. Ndikumva mfundo yawo, koma pa MSCE amachonga zimene walemba papepala m'Chingerezi, mu nthawi yoikika, ndipo mwana ayenera kuzolowera msanga. Amene ali ndi mwana wa Fomu 4 wotsala miyezi yochepa afunsitsitse za zimenezi asanalipire.

Malo ake ndi opanikiza. Ana alipo 14 m'galaja ya galimoto imodzi, pa mabenchi atatu opanda poyedzamira, ena amalembera pamiyendo. Denga ndi la malata lopanda siling'i, ndiye mvula ikagwa simumva kanthu, ndipo mu Febuluwale Loweruka limodzi linathera kudikira kuti ikate. Zenera ndi limodzi, magetsi akazima a kumbuyo saona bwino pabolodi. Chimbudzi n'chimodzi cha anyamata ndi atsikana omwe, chaukhondo ndithu koma chitseko chake chinalibe chotsekera m'kati mpaka nditanena. Anakonza sabata yomweyo. Zida zoyesera n'zochepa: kasikelo kamodzi kaja, masipuling'i angapo, timiyala ta muyeso, rula ndi wotchi ya pafoni. Amadziwa kusandutsa chilichonse kukhala chida, koma mayeso a MSCE ali ndi pepala la zochitachita, ndipo kumeneko mwana aliyense amafunika kuti manja ake akhale atagwirapo zida zenizeni. Pa ana 14 ndi kasikelo kamodzi, ambiri amangoonerera.

Kawiri anayamba mochedwa ndi theka la ola chifukwa cha alendo a kunyumba kwawo, koma nthawiyo anaibweza kumapeto. Ndipo akalowa m'mbiri ya anthu akale a sayansi amatha kutalikitsa, ana n'kuyamba kuyang'ana panja.

Malipiro ndi K20,000 pamwezi, kulipiriratu kumayambiriro, pamanja kapena pafoni, ndipo amalemba m'kabuku n'kukupatsa kalisiti. Ndi Loweruka lililonse kuyambira 8 koloko mpaka 11, ndipo pa holide amawonjezera Lachitatu popanda kukweza mtengo. Mwana akajomba sabweza ndalama. Kwa ife a ku Bangwe muonjezerepo ya minibasi mpaka ku Limbe, kuchokera pamenepo mwana wanga amayenda wapansi ndi anzake awiri. Kwa munthu wa pabenchi ngati ine ndalama imeneyi si yochepa, mwezi wa Febuluwale malonda atavuta ndinachedwa ndi masiku 10. Ndinawaimbira, anati mwana abwere, mudzapereka mukapeza. Sanamutchule pamaso pa anzake.

Pa khalidwe ndilibe dandaulo. Chitseko cha galaja chimakhala chotsekula nthawi zonse, mayi a kunyumbako amakhala ali pakhonde, ndipo kholo lililonse ndi lololedwa kukhala kumbuyo. Samenya, satukwana. Atsikana amawafunsa mafunso olimba chimodzimodzi ndi anyamata, ndipo amadikira yankho, sathamangira kupatsa mnyamata amene wakweza mkono. Amaphunzitsa mosakaniza, kufotokoza m'Chichewa, kulemba m'Chingerezi, ndipo salola mwana kutuluka asananene tanthauzo m'zilankhulo zonse ziwiri.

Teremu yachiwiri mwana wanga wapeza 64. MSCE sanalembe, ndiye sindingalonjeze munthu kuti kumeneko kumachokera mapointi abwino. Chimene ndingachitire umboni ndi chimene ndaona pakhomo panga. Tsiku lina bambo ake ankalimbana ndi nati ya teyala imene inakana kumasuka, iye anapita kukatenga paipi n'kuilowetsa ku sipanala kuti italike, nati inamasuka, ndipo anawafotokozera chifukwa chake force yomweyo ikagwira patali ndi nati imapotokola kwambiri. Mng'ono wake wa Sitandade 7 akanena kuti mpira uli ndi mphamvu, amamufunsa kuti iti mwa zitatu zija.

Amene mwana wake amaloweza koma sadziwa chimene akuloweza, mutumizeni, makamaka akadali Fomu 2 kapena Fomu 3. Amene akufuna woti azingomuyankhitsa mwana mapepala akale mayeso atayandikira, afune kwina. Ine ndalipira kale ya mwezi wa Meyi. Apemphanso sikelo Loweruka likudzali, pamodzi ndi chingwe cholimba ndi njerwa zinayi, akuti akufuna ana akoke njerwa pasimenti, pamchenga ndi pathabwa lothira sopo, aone muvi ukusintha. Ndawauza kuti ndibwera nayo ndekha ndipo ndiitenga 11 koloko, chifukwa Loweruka masana ndi pamene nyemba zimayenda.